M'bale wathu anaphedwa: kodi kukhululuka kwathu kungathetse mlandu?

Funso

Assalamu alaikum. Ndine Msilamu wa m'boma la Mangochi. Mwezi wathawu mchimwene wanga anakangana ndi munthu wina pamsika chifukwa cha ngongole, munthuyo n'kum'menya ndi mpini wa khasu m'mutu. Anamwalira kuchipatala patapita masiku awiri, kusiya mkazi ndi ana atatu aang'ono, mnyamata mmodzi ndi atsikana awiri. Womenyayo ali m'manja mwa boma. Abale ake abwera kawiri pamodzi ndi anyakwawa, atanyamula ndalama, kupempha kuti tikhululuke ndipo tikathetse mlandu. Mayi athu akufuna kukhululuka, alamu anga akukana, amalume akuti tilandire ndalamazo. Apolisi atiuza kuti mlandu wakupha sathetsera pakhomo. Koma ine ndinaphunzira kumadrasa kuti Chisilamu chimapereka mphamvu kwa abale a wophedwa. Tsono cholondola n'chiti, ndipo malamulo awiriwa amasiyana pati?

Yankho

Wa alaikum salaam, achimwene. Pepani kwambiri ndi zovuta zakugweranizi. Allah amukhululukire malemu, ndipo awapatse mayi, alamu anu ndi anawo mtima wopirira. Kalata yanu ndaiwerenga kangapo. Zimene munaphunzira kumadrasa n'zoona, zimene akuuzani apolisi n'zoonanso. Palibe amene wakunamizani. Malamulo awiriwa amadana ndi kupha mofanana. Pamene amapatukana ndi pa funso lakuti munthu akaphedwa, mwini mlandu ndani. Shariya, malamulo a Chisilamu, imati mlandu wa magazi uli choyamba m'manja mwa olowa chuma cha wophedwayo. Malamulo a boma amati mlanduwo ndi wa dziko lonse, ndipo inu abale mumalowa m'khoti ngati mboni basi. Zonse zimene zikukuzunguzani mutu zikuphukira pa muzu umenewu.

Tiyambe ndi Shariya, poti ndi kumene mtima wanu uli. Chisilamu chisanabwere, Aarabu ankalipsira mopanda malire. Fuko lamphamvu likaferedwa kapolo linkafuna mutu wa mfulu, likaferedwa mmodzi linkafuna angapo, ndipo wofera kulipsirako nthawi zambiri sankakhala wolakwayo, ankangokhala aliyense wa fuko lake amene wapezeka panjira. Nkhani zawo zakale zimasimba za nkhondo ya Basus, yomwe inayambira pa ngamira imodzi n'kutha zaka pafupifupi 40. Qur'an inatsikira anthu oterewa. Sura 2 ndime 178 inalamula qisas, kutanthauza kubwezera kolingana: wopha yekhayo ndiye aphedwe, m'bale wake ayi, mwana wake ayi. Sura 17 ndime 33 ikunena kuti amene waphedwa mopanda chilungamo, womuyang'anira wake wapatsidwa mphamvu, koma asapyole malire pakupha. Munthu ameneyu maulama, akatswiri a maphunziro a Chisilamu, amamutcha wali al-dam. Pachichewa tingati mwini magazi.

Koma ndime 178 ija siithera pa kupha. Imapitiriza kunena kuti amene wakhululukidwa kanthu ndi m'bale wake, dipo lifunsidwe mwaubwino ndipo liperekedwe mwaulemu, n'kutsiriza kuti kumeneko ndi kupeputsa ndi chifundo chochokera kwa Mbuye wanu. Taonani mawu akuti m'bale wake. Magazi akhetsedwa, anthu akulira m'nyumba, koma Qur'an ikuwatchulabe woferedwa ndi wopha kuti ndi pachibale. Ndime imeneyi ndaiwerenga kambirimbiri, mpaka lero imandigwirabe mtima. Choncho eni magazi ali ndi njira zitatu: kufuna qisas, kulandira diya, lomwe ndi dipo la moyo, kapena kukhululuka osalandira kanthu. Anas ibn Malik, amene anatumikira Mtumiki Muhammad, mtendere ukhale pa iye, kwa zaka 10, anasimba kuti sanaonepo mlandu wa qisas utafika kwa Mtumiki iye osalimbikitsa kukhululuka. Ndiye mayi anu sakulakwa. Alamu anunso sakulakwa, chifukwa ufulu wokana anawapatsa ndi Qur'an yomweyo, ndipo palibe shehe kapena mfumu woyenera kuwaumiriza.

Ndifulumire kunena chinthu chimodzi, poti kwathu kuno tazolowera kuona gulu likugenda kapena kuotcha munthu amene langomuganizira. Qisas si kulanga ndi manja anu. Maulama amagwirizana kuti pamafunika woweruza, umboni, ndi chilolezo cha wolamulira dziko. Umboni wakenso ndi wolemera: wolakwa avomere yekha osakakamizidwa, kapena amuna awiri odalirika anene zimene anaona ndi maso awo. Pakakhala chikaiko, qisas imagwa. Ngati pamudzi panu pali anyamata amene akunola zikwanje kuti akakumane ndi abale a womenyayo, auzeni kuti zimenezo ndi za nthawi ya umbuli. Auzeninso kuti kubisala m'gulu sikupulumutsa munthu: Umar ibn al-Khattab analamula kuti aphedwe anthu angapo amene anapangana kupha munthu mmodzi ku Sana'a, nanena kuti anthu onse a mzindawo akadachita nawo, akadawapha onse.

Tsopano tibwere pa mpini wa khasu uja, chifukwa si kupha kulikonse kumene kumadzetsa qisas. Imam Shafi'i, amene Asilamu ambiri a kuno timatsatira chiphunzitso chake poti Chisilamu chinatifika kudzera kugombe la Kilwa ndi Zanzibar, amagawa kupha patatu. Pali kupha mwadala, kotchedwa amd. Pali kupha mwangozi, kotchedwa khata, monga mlenje amene waponya muvi pa gwape n'kulasa munthu. Pakati pa ziwirizi pali shibh al-amd, kofanana ndi dala: munthu wafunadi kumenya mnzake, koma ndi chinthu chimene kawirikawiri sichipha, monga khofi kapena kamtengo, mnzakeyo n'kufa. Qisas ili pa amd pokha. Imam Malik sankavomereza gawo lapakatili pa milandu yambiri. Kwa iye munthu akamenya mnzake mwaudani n'kumupha, wapha mwadala.

Nanga mtima wa munthu amaudziwa bwanji, poti za mumtima amaziona ndi Mulungu yekha? Maulama anati tiyang'ane chida. Imam Abu Hanifa ankati dala amaoneka pa chinthu chodula kapena chobaya, monga mpeni, mkondo ndi lupanga. Mtengo kapena mwala, ngakhale wolemera, iye ankauika pa shibh al-amd. Imam Shafi'i ndi Imam Ahmad ibn Hanbal, ngakhalenso ophunzira a Abu Hanifa yemwe, Abu Yusuf ndi Muhammad al-Shaybani, anakana zimenezo. Iwo anati chilichonse chimene kawirikawiri chimapha ndi chida chophera. Ndiye woweruza wa chiphunzitso cha Shafi'i akanafuna kuugwira mpiniwo m'manja, kumva kulemera kwake, kufunsa kuti unagwera pati m'mutumo, kangati, ndi mphamvu yotani. Mpini wa mtengo wolimba, wokhala ndi mutu wake uja, ukatsika ndi manja awiri pa liwombo, ambiri anganene kuti ndi amd. Koma pa nkhani imodzi yomweyi oweruza awiri a Shariya, wina ku Zanzibar wotsata Shafi'i, wina ku Lahore m'dziko la Pakistan wotsata Abu Hanifa, akhoza kugamula mosiyana. Mawu akuti Shariya ikuti, anthu amawatulutsa mopepuka kwambiri.

Pali chinthu china m'kalata yanu chimene chingakudabwitseni. Kwathu, makamaka kumene timatsata chikamwini, nkhani yotere imakhala m'manja mwa mwini mbumba, ndiye amalume anu akuona kuti mawu awo ndi omaliza. M'chiphunzitso cha Shafi'i amalume alibe gawo pa magazi amenewa. Inunso achimwene mulibe, chifukwa malemu anasiya mwana wamwamuna, ndipo mwana wamwamuna amatsekereza abale a bambo ake pa chuma chamasiye. Eni magazi ndi okhawo amene akulowa chuma: mkazi wa malemu, amene gawo lake ndi limodzi mwa 8, mayi anu, limodzi mwa 6, bambo anu ngati ali moyo, limodzi mwa 6, zotsalazo ndi za ana, mnyamata magawo awiri, mtsikana aliyense limodzi. Mmodzi yekha mwa eni magaziwa akakhululuka, qisas imagwa, chifukwa moyo wa munthu sagawa zidutswa. Choncho Shariya ikadakhala ndiyo ikuweruza, kukhululuka kwa mayi anu kukadapulumutsa khosi la womenyayo. Koma sikukadafafaniza gawo la alamu anu ndi la ana pa diya. Gawo la mwana wamasiye palibe wamkulu amene amaloledwa kulitaya m'dzina la chifundo. Kukadakhala kuti palibe amene wakhululuka, wolakwayo akadasungidwa mpaka anawo atakula kuti anene okha zimene akufuna. Ku Saudi Arabia anthu amakhala m'ndende zaka zambiri podikira zimenezi.

Diya si ndalama ya sopo. Muyeso wake wa m'nthawi ya Mtumiki ndi ngamira 100, kapena madinari a golide 1,000, omwe kulemera kwake kumaposa pang'ono makilogalamu 4. Pa kupha mwadala, diya imachokera m'thumba la wophayo. Pa kupha mwangozi, ndiponso pa shibh al-amd kwa maulama ambiri, amasonkha ndi aqila, kutanthauza amuna a kuchimuna kwake, ndipo amalipira pang'onopang'ono kwa zaka zitatu. Gwero lake ndi mlandu wa akazi awiri a fuko la Hudhayl: wina anagenda mnzake ndi mwala n'kumupha pamodzi ndi mwana amene anali m'mimba, Mtumiki n'kugamula kuti diya ilipidwe ndi abale a kuchimuna a wogendayo. Pamene Abdullah ibn Sahl anapezeka ataphedwa ku Khaybar, wopha osadziwika bwino, Mtumiki anapereka yekha ngamira 100 kuti magaziwo asapite pachabe. Ganizo limeneli ndi limene ine ndimalikonda kwambiri m'malamulo onse a Chisilamu okhudza kupha: pakhomo pamene pagwa maliro pasatsale njala. Sura 4 ndime 92 imaonjeza kaffara, chofafanizira tchimo, kwa wopha mwangozi: kumasula kapolo wokhulupirira, kapena akalephera kusala miyezi iwiri yotsatizana. Wopha m'bale wake mwadala salowa chuma cha amene wamuphayo.

Ndisakubisireni mbali yovuta. Mabuku akale ambiri a fiqh, maphunziro a malamulo a Chisilamu, amati diya ya mkazi ndi theka la ya mwamuna, ndipo amasiyana pa diya ya munthu amene si Msilamu. Otsatira Abu Hanifa amati ndi yofanana ndi ya Msilamu, enawo amaichepetsa. Maulama ena a m'nthawi yathu, monga Yusuf al-Qaradawi, anatsutsa zochepetsa diya ya mkazi, ponena kuti ndime 92 ija siisiyanitsa mwamuna ndi mkazi. Ine ndili kumbali yawo.

Ngakhale m'Shariya, banja silitenga mlandu wonse. Munthu akapha pochita uchifwamba pamsewu, umene sura 5 ndime 33 ikukamba, akagwidwa chilango chake sichichotsedwa ndi kukhululuka kwa abale. Otsatira Imam Malik amaika pomwepo kupha kwa chiwembu, konyengerera munthu kumalo obisika n'kumuphera chuma chake. Amanenanso kuti wopha mwadala amene wakhululukidwa akwapulidwe zikoti 100 ndi kumangidwa chaka chimodzi. Wolamulira ali ndi mphamvu yotchedwa ta'zir, yolanga mmene akuonera kuti dziko litetezeka. Ndiponso pamwamba pa zonsezi pali tsiku lachiweruzo. Sura 4 ndime 93 ikuchenjeza wopha wokhulupirira mwadala za Jahannam, ndipo Mtumiki ananena kuti milandu yoyamba kuweruzidwa pakati pa anthu tsikulo idzakhala ya magazi. Ibn al-Qayyim, mmodzi wa maulama akale, anafotokoza kuti pa kupha pali maufulu atatu: wa Allah, umene umathetsedwa ndi kulapa, wa eni magazi, umene umatha ndi qisas, diya kapena kukhululuka, ndi wa wophedwa mwiniwake, umene umadikira tsiku limenelo.

Tiwoloke tsopano tione malamulo a boma. Poyamba Angerezi nawonso ankalipa dipo munthu akaphedwa, aliyense ndi mtengo wake malinga ndi ulemerero wake. Makolo athu chimodzimodzi: mlandu wa magazi unkakambidwa pabwalo, n'kutha ndi mbuzi, nsalu, kapena popereka munthu kubanja loferedwa. Ku England zinasintha mafumu atalimba mphamvu n'kuyamba kunena kuti wopha munthu waswa mtendere wa mfumu, ndiye wolakwiridwa ndi mfumu. Ganizo limeneli linabwera kuno ndi atsamunda, ndipo lili m'buku lathu la malamulo a milandu, Penal Code, limene linayamba kugwira ntchito mu 1930. N'chifukwa chake pa fayilo ya mlandu wa mchimwene wanu sipadzalembedwa dzina la mayi kapena la alamu anu ngati odandaula. Padzalembedwa kuti dziko la Malawi likuzenga wakutiwakuti. Mlanduwo udzamvedwa ku Khoti Lalikulu, woimba mlandu adzakhala loya wa boma, ndipo amene ali ndi mphamvu youimitsa ndi mkulu woyendetsa milandu ya boma, amene timangoti DPP. Wapolisi wa pasiteshoni alibe mphamvuyo, anyakwawa alibe, inunso mulibe. Malamulo athu amalola khoti kulimbikitsa kuyanjana pa milandu ing'onoing'ono, monga kumenyana kosavulazana kwambiri, koma kupha kulibe m'gulu limenelo.

Pogawa mitundu ya kupha, malamulo awiriwa amayandikana kuposa mmene anthu amaganizira. Gawo 209 la Penal Code limakamba za kupha mwadala, gawo 208 za kupha kosakonzekera. Kusiyana kwake n'kwakuti khoti la boma siliyang'ana chida chokha; limasonkhanitsa zonse, mawu amene analankhulidwa, mmene mkangano unayambira, lipoti la dokotala amene anayeza thupi, zimene womenyayo anachita pambuyo pake. Gawo 212 likunena kuti sikofunika kuti munthu afune kupha penipeni. Akafuna kuvulaza kwambiri, kapena akadziwa kuti chimene akuchitacho chikhoza kupha, imfa ikatsatira wapha mwadala. Mawu akuti ndimangofuna kumukhaulitsa sapulumutsa munthu amene watsitsa mpini pamutu pa mnzake. Loya wake mwina adzayesa kunena kuti anaputidwa, nachita zimenezo mtima uli wotentha usanazizire, zimene magawo 213 ndi 214 amalola kuti zitsitse mlandu kukhala kupha kosakonzekera. Kaya mkangano wa ngongole ukufika pamenepo, adzaona ndi jaji atamva mboni. Boma liyenera kutsimikiza mlandu mosasiya chikaiko chomveka, ndipo limalandira umboni wa amayi, wa ana, wa madokotala, ngakhale wa mboni imodzi yodalirika.

Za chilango, kale aliyense wopezeka wolakwa pa kupha mwadala ankagamulidwa kunyongedwa, jaji analibe chosankha. Mu 2007, pa mlandu wa Kafantayeni, Khoti Lalikulu linagamula kuti kukakamiza chilango cha imfa pa aliyense kukutsutsana ndi malamulo aakulu a dziko. Lero jaji amayeza nkhani iliyonse payokha: akhoza kupereka imfa, moyo wonse kundende, kapena zaka zowerengeka. Kuyambira mu 2015 akaidi amene anagamulidwa imfa m'lamulo lakale anamvedwanso, ndipo ambiri anatuluka. Chilango cha imfa chikadalipo m'mabuku, chinaperekedwa mu 2019 pa milandu yopha anzathu achialubino, koma munthu womaliza kunyongedwa m'Malawi ananyongedwa mu 1992. Anansi athu ena anachichotsa: Mozambique mu 1990, South Africa mu 1995, Zambia mu 2022, Zimbabwe kumapeto kwa 2024. Ndiye ngati mayi anu akuopa kuti akapanda kukhululuka munthu anyongedwa, akhazikeni mtima pansi. Chimene chikumudikira womenyayo akapezeka wolakwa, mwachidziwikire, ndi zaka za kundende.

Mwina mukufunsa mumtima kuti boma likukanirira chiyani mlandu umene eni ake akufuna kuusiya. Yankho lomveka bwino lili ku Pakistan, dziko limene linalowetsa qisas ndi diya m'malamulo ake mu 1990. Mu Januwale 2011 Raymond Davis, Mmereka wogwirira ntchito CIA, bungwe la ukazitape la dziko lake, anawombera ndi kupha amuna awiri mumsewu ku Lahore. Mu Malichi chaka chomwecho anamasulidwa, mabanja atalandira diya yoposa madola 2 miliyoni. Mkazi wa mmodzi mwa ophedwawo anali atadzipha kale mu Febuluwale, atanena ali kuchipatala kuti sakukhulupirira kuti chilungamo chichitika. Mu Julayi 2016 Qandeel Baloch, mtsikana wotchuka pa intaneti, anaphedwa ndi mlongo wake ku Multan, mlongoyo n'kunena poyera kuti ankachititsa manyazi banja. Pamenepa eni magazi ndi makolo, omwenso ndi makolo a wopha. Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Nyumba ya malamulo inasintha lamulo mu Okutobala 2016 kuti wopha m'dzina la ulemu wa banja amangidwebe ngakhale atakhululukidwa, ndipo mlongoyo anagamulidwa moyo wonse kundende mu 2019. Komabe mu Febuluwale 2022 khoti la ku Lahore linamumasula, makolo atamukhululukira.

Maulama ambiri anganene kuti kumeneko ndi kupotoza Shariya, kuti wolamulira anayenera kugwiritsa ntchito ta'zir, ndipo ndikugwirizana nawo. Koma bowo lili pomwepo, ndipo sitingalitseke ndi mawu okoma. Mlandu ukakhala m'manja mwa banja, wolemera amagula moyo wake, wosauka amafa. Banja losauka likayang'anizana ndi banja lamphamvu, kukhululuka kwake sikukhala kochokera pansi pa mtima, kumakhala kwa mantha kapena kwa njala. Ku Saudi Arabia boma linaika mu 2011 kuti diya ndi mariyali 400,000 pa kupha mwadala ndi 300,000 pa kupha mwangozi, koma banja lofuna kusiya qisas likhoza kutchula mtengo uliwonse, ndipo ena amatchula mamiliyoni. Mkenya wina amene anapha mnzake wa kuntchito kumeneko mu 2011 anatuluka mu 2025, bungwe la Muslim World League litamulipirira pafupifupi madola 1 miliyoni. Akadapanda kupeza womuimirira, sakadabwerera kwawo. Boma likamakana kuti musathetse mlandu pakhomo, likuteteza alamu anu kuti asapanikizidwe ndi anthu obwera ndi envulopu, ndipo likuteteza munthu wina wa pamsika pomwepo amene angakangane ndi womenyayo mawa.

Koma malamulo a boma nawonso ali ndi bala lawo, ndipo ndikaliganiza mtima umandiwawa. Ndakhalapo m'khoti tsiku la chigamulo, mayi wamasiye atakhala pa benchi ya kumbuyo, mwana kumsana, chitenje chofwifwa, atabwereka ndalama ya minibasi. Jaji anawerenga chigamulo m'Chingerezi, womasulira nanena zaka, apolisi natulutsa wolakwa. Mayiyo anatsala akuyang'ana uku ndi uku, kenaka anandifunsa motsitsa mawu kuti, “Ndiye zatha?” Zinali zitathadi. Anabwerera kumudzi manja ali m'khosi, wopanda fizi ya ana, wopanda thumba la feteleza, ndipo panalibe amene anamufunsa chimene mtima wake ukufuna. Milandu yakupha imachedwanso; woganiziridwa amatha zaka ali pa rimandi, mboni zina kumwalira, zina kusamuka.

Yerekezani ndi zimene zinachitika m'tauni ya Noor ku Iran mu Epulo 2014. Mnyamata amene anabaya mnzake ndi mpeni pa ndewu zaka 7 m'mbuyomo anaimikidwa pa mpando, maso atamangidwa, chingwe chili m'khosi, khamu likuonerera. Mayi wa wophedwayo anayandikira, namuwomba khofi, nanena kuti wamukhululukira, ndipo iye ndi mwamuna wake anamuvula chingwecho. Mayi wa wolakwayo anathamanga kukamukumbatira, awiriwo nalira pamodzi. Mnyamatayo anabwezedwa kundende. Sindikonda zoti munthu afike mpaka pa chingwe kuti chifundo chioneke, komanso ndi katundu wolemera kusenzetsa mayi woferedwa chisankho cha moyo ndi imfa. Koma mayi ameneyo anafunsidwa, ndipo mawu ake anasintha chinthu. Mayi wa pa benchi ya kumbuyo uja sanafunsidwe.

Ndiye muchite chiyani? Muli m'Malawi, ndipo mlandu wakupha ukuweruzidwa ndi malamulo a dziko kwa Msilamu, Mkhristu ndi wina aliyense. Kutsatira zimenezi si kutaya Chisilamu, poti tanena kale kuti qisas popanda wolamulira kulibe, ndiponso wolamulira ali ndi ufulu wolanga ngakhale banja litakhululuka. Mayi anu akhoza kukhululuka lero lomwe, pamaso pa Allah ndi pamaso pa anthu, ndipo malipiro awo sachepa chifukwa choti mlandu ukupitirira kukhoti. Uzani loya wa boma amene akuyendetsa mlanduwo za kukhululukako. Wolakwa akapezeka, jaji asanapereke chilango amamva zochepetsa ndi zokulitsa mlandu, ndipo maganizo a banja loferedwa akhoza kumveka pamenepo, a mayi komanso a alamu anu.

Ndalama zija mukhoza kulandira ngati chipepeso, koma chenjerani ndi chingwe chimene chamangidwako. Kulandira chuma mogwirizana kuti mubise mlandu waukulu, musakachitire umboni, kapena mukasinthe mawu, ndi mlandu pawokha m'Penal Code, ndipo Qur'an pa sura 2 ndime 283 ikuti wobisa umboni mtima wake ndi wochimwa. Auzeni alendowo poyera, anyakwawa akumva, kuti kuthetsa mlandu sikuli m'manja mwanu ndipo simukulonjeza kanthu pa zimenezo. Akabweza envulopu m'thumba, mwadziwa chimene anabwerera. Dziwaninso kuti mkazi ndi ana amene ankadalira malemu ali ndi ufulu wosumira womenyayo pa mlandu wina wapadera wofuna chipukutamisozi, monga zimachitikira munthu akafa pa ngozi ya galimoto, pamene kampani ya inshulansi imachita zofanana ndi zimene aqila inkachita. Vuto n'lakuti munthu wa pamsika kawirikawiri alibe chuma choti khoti lilande. A Legal Aid Bureau akhoza kukuunikirani ngati kusumako kungapindule.

Mukalandira chipepesocho, musachiyese ndalama ya maliro yoti igawidwe kwa aliyense amene anagona pasiwa. Chiwerengedwe pamaso pa shehe ndi mboni, chilembedwe papepala, chigawidwe monga chuma chamasiye m'magawo ndatchula aja, ndipo gawo la ana atatuwo lisungidwe pamalo pamene amalume kapena inu simungalifikire mosavuta, monga ku akaunti ya kubanki ya dzina lawo. Alamu anu panopa ali mu iddah, nthawi yodikira ya mkazi wamasiye ya miyezi inayi ndi masiku khumi, sangamayendeyende m'mabwalo. Choncho alendowo akadzabweranso, mphasa ikayalidwe pakhomo pawo, iwo akhale pomwepo, afunsidwe ndi pakamwa, ndipo akati sanakonzeke, nkhaniyo idikire.